Biliyoni ya ku Lisbon si ya ku Lilongwe

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake anamufunsa kuti biliyoni ili ndi maziro angati, iye n'kuyankha kuti 9. Koma mlamu wake, amene anaphunzira ku Portugal, akukana kwamtuwagalu, akuti 12. Wolondola ndani, nanga mawuwa anachokera kuti?

Mayi, mwandigunda pachilonda. Ine ndinaleredwa ndi agogo amene kuwerenga kwawo kunkathera pa chikwi. Khumi, zana, chikwi, basi. Kupitirira apo ankangoti miyandamiyanda. Komatu pa ndalama zawo za fodya sankapusitsidwa. Ankazimanga m'kansalu, n'kumawerenga akunyowetsa chala ndi malovu, ndipo ikasowa ngakhale tambala nyumba yonse inkadziwa. Wailesi ikayamba kutchula mamiliyoni a bajeti, ankangoti "zimenezo n'za eni ake," n'kupitiriza kusola chimanga. Tinkawaseka. Lero bajeti ya dziko lino ili m'mathiriliyoni, ndipo ambirife, ndi masatifiketi athu omwe, timachita chimodzimodzi.

Miliyoni anayambitsa ndi a ku Italy. Kwawo mille ndi chikwi, ndipo akaphatikiza -one kumapeto chinthu chimakula, monga ife timasandutsira nyumba kukhala chinyumba. Choncho milione ndi chikwi chachikulu, palibenso china. Biliyoni ndi thiriliyoni zinabwera pambuyo. Mu 1484 katswiri wa masamu wa ku France, Nicolas Chuquet, analemba byllion kutanthauza miliyoni kuchulukitsa ndi miliyoni, maziro 12, ndipo tryllion maziro 18. Alamu anuwo ali pamenepo, sakunama ayi. Kenaka akatswiri ena a ku France komweko anayamba kutcha mamiliyoni 1,000 kuti biliyoni, a ku America n'kutengera zimenezo. France inadzabwerera ku zakale, America osabwerera. Britain inakakamira za Chuquet mpaka 1974, pamene nduna yaikulu Harold Wilson ananena kuti boma lizigwiritsa ntchito ya maziro 9. Ku Portugal mpaka pano biliyoni yathuyi amaitcha mil milhões, ku Germany amati Milliarde, pamene Brazil, yolankhula Chipwitikizi chomwecho, imawerenga ngati America.

Chimene chimandiwawa ine si kusiyanaku ayi. N'chakuti mawu atatuwa amamveka ngati ana a mimba imodzi, moti khutu silimva kusiyana kwake. Nthawi ya Cashgate mu 2013 ndinkamva anthu m'minibasi wina akuti mamiliyoni, wina mabiliyoni, nkhani n'kumayenda bwinobwino ngati n'chimodzimodzi. Wakuba amakondwa ndi zimenezo. Ndikunenetsa, mtolankhani amene amawerenga "mabiliyoni" pa wailesi osatiuza kuti ndalamazo zikanamanga zipinda zingati zophunziriramo wagwira theka la ntchito. Ndipo amene amati Chichewa n'chosauka poti chinabwereka miliyoni andisiye, Chingerezi nachonso chinabwereka mawu omwewo. Amwenye ndi ena mwa amene anakana kutengeka: mpaka lero amawerenga lakh, 100,000, ndi crore, mamiliyoni 10.

Abale athu a ku Zimbabwe anaphunzira maziro mowawa. Mu 2009 anatulutsa ndalama yapepala ya madola 100 thiriliyoni, maziro 14 kundanda, koma yosadzaza thumba la m'golosale. Palinso googol, 1 wotsatiridwa ndi maziro 100, dzina limene anapeka mwana wa zaka 9, Milton Sirotta, atafunsidwa ndi m'bale wake Edward Kasner, katswiri wa masamu. Dzina la Google linachokera pamenepo.

Nanga mwanayo mumuuze chiyani?

Pamayeso alembe 9 pa biliyoni, 12 pa thiriliyoni. Kenaka mumuuze kuti masekondi miliyoni ndi masiku 11 ndi theka, masekondi biliyoni ndi zaka pafupifupi 32, masekondi thiriliyoni amapitirira zaka 31,000. Alamuwo akamatchula ndalama za m'nyuzi ya ku Lisbon, muziwapempha alembe nambalayo papepala.