Yankho: mawu ojambula sakumveka bwino

Mwafunsa chifukwa chake mayankho anu a Chingerezi ojambula pa intaneti nthawi zina samveka n'komwe, nthawi zina amamveka patali. Yambani mwaona ngati pulogalamu yotsegulira intaneti, monga Chrome kapena Firefox, mwailola kugwiritsa ntchito maikolofoni, chifukwa ambirife timadina pokaniza mosazindikira. Kenako maikolofoniyo iyandikizeni pakamwa, koma isagunde milomo, apo ayi "p" aliyense aziphulika m'khutu mwa aphunzitsi.

Chomwe ndikukuletsani ine ndi kuwerenga papepala. Zimadziwika msanga, munthu amamveka ngati akulakatula ndakatulo yoloweza. Lembani timawu titatu tokukumbutsani basi. Pamayeso a IELTS, oyesa luso la Chingerezi, gawo lachiwiri lolankhula, amapereka mphindi imodzi yokonzekera ndi ziwiri zolankhula, dzizoloweretseni choncho. Musanatumize dzimvetsereni kaye, ngakhale liwu lanulo likuchititseni manyazi.