Kodi mapiritsi okodzetsa angayambitse zidzolo?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti bambo awo anayamba kumwa hydrochlorothiazide wa BP miyezi itatu yapitayo, ndipo tsopano khungu la m'khosi ndi m'mikono likuyabwa, kusuwa komanso kuda. Akufunsa ngati ndi mankhwalawo, ndiponso ngati awaletse kumwa.

Mayi, nkhawa yanu ili ndi maziko. Hydrochlorothiazide amatsitsa BP pochititsa impso kutaya mchere ndi madzi m'mkodzo, koma kwa anthu ena amachititsanso khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Mankhwalawa akakhala m'thupi n'kukumana ndi cheza cha dzuwa, khungu limatupa ndi kuyabwa. N'chifukwa chake ndaganizira kwambiri malo amene mwatchulawo. Khosi, nkhope, mikono ndi kuseri kwa manja ndi kumene dzuwa limawomba. Tayang'anani pamene malaya amaphimba: ngati pali bwinobwino, chimenecho n'chizindikiro chachikulu chokauza dokotala. Musadikire kuona kufiira, pakuti pakhungu lakuda kutupa kumaoneka ngati chigamba chodera kapena chotuwa.

Madokotala anadziwa izi kalekale. Mu 1985 ena analemba za odwala amene anatuluka zidzolo za mtundu wa lupus (matenda amene chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo) chifukwa cha mankhwala omwewa, ndipo atawasiya zidzolozo zinatha. Mu 2024 magazini ya JAMA Dermatology inafalitsa kafukufuku wa anthu oposa 1.5 miliyoni a zaka 60 kupita m'tsogolo a ku United Kingdom. Omwa mankhwala a BP ankapezeka ndi eczema (matenda oumitsa ndi kuyabwitsa khungu) kawirikawiri kuposa osamwa, makamaka omwa okodzetsa. Komabe kafukufuku wotere amangoonetsa kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, ndipo khungu la okalamba limauma palokha.

Tsono funso lanu lachiwiri ndi limene landisowetsa mtendere. Chonde musawasiyitse nokha. BP ikakwera sichenjeza, ndipo sitiroko ndi yoopsa kuposa kuyabwa. Jambulani zidzolozo pafoni, lembani tsiku limene anayamba mapiritsi ndi limene kuyabwa kunayamba, ndipo mupite nawo kwa dokotala sabata ino mutanyamula mankhwala onse amene amamwa. Mankhwala a BP alipo amitundumitundu, atha kuwasinthira. Podikira, azivala malaya a manja aatali ndi chipewa, n'kumapewa dzuwa la masana. Koma mukaona matuza, zilonda m'kamwa kapena m'maso, kapena thupi litentha, thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.