Wina akuti 70, wina akuti 50: ndani akunama?

Mwandilembera pa imelo kuti amayi anu anajambulidwa mitsempha ya mtima, dokotala woyamba anati mtsempha umodzi watsekeka 70 peresenti, koma wachiwiri, poona zithunzi zomwezo, akuti 50. Mukufunsa kuti mukhulupirire ndani. Achemwali, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri n'kuisiya masiku atatu, chifukwa inandikumbutsa benchi ina ya kuchipatala imene ndinkayesa kuti ndinaiiwala.

Kwathu odwala anali abambo. Munthu wosadandaula, woti akakwera kamtunda ankaima n'kugwira pachifuwa, tikafunsa amvekere, "Ndikungopuma, pitirirani." Tsiku lojambula anatuluka akuseka, kabandeji kali padzanja, akuti sanamve ululu wina kupatula jakisoni. Adokotala anabwera, anati "80 peresenti," n'kulowa kwa wodwala wina. Basi. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangowerengera kuti ngati 80 yapita ndiye kuti abambo atsala ndi 20, ngati kuti moyo wa munthu ndi batire ya foni. Patapita masabata awiri adokotala ena anayang'ana kanema yemweyo, anabweza, anaimitsa, anabwezanso, kenako anati, "Ine ndikuona ngati 60." Ndinapsa mtima. Ndinatsala pang'ono kuwafunsa ngati mtsemphawo wadzitsegula wokha tili panjira.

Zimene ndinadzamvetsa pambuyo pake ndi izi. Mitsempha ya mtima sioneka pa X-ray payokha. Amalowetsa kachubu kowonda mumtsempha wa padzanja kapena wa m'mphechepeche, n'kukakankha mpaka pakamwa pa mtsempha wa mtima, kenako amapopa mankhwala amadzi okhala ndi ayodini. Kwa masekondi ochepa mankhwalawo amadzaza mtsempha, ndipo makina amajambula. Choncho chimene dokotala amaona ndi chithunzithunzi cha njira ya magazi. Khoma la mtsempha, mmene mumaundana mafuta opapatiza njirayo, silioneka n'komwe.

Peresenti ija imapezeka poyerekeza malo opapatiza kwambiri ndi malo oyandikana nawo amene akuoneka abwino. Ngati pabwinopo m'mimba mwake ndi mamilimita 3 ndipo popapatiza ndi 1.5, ndiye 50 peresenti. Taganizirani kuchepa kwake. Mitsempha imeneyi nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 2 mpaka 4, ili pamtima umene ukugunda, m'chifuwa cha munthu amene akupuma. Kuphonya ndi theka la milimita kokha, nambala yadumpha. Komanso mafuta saundana mofanana kuzungulira khoma lonse. Mukajambula mbali iyi njira ioneka yotakasuka, mukatembenuza makina ioneka ngati ulusi, n'chifukwa chake amajambula kuchokera mbali zingapo. Nanga malo "abwino" aja akakhala kuti nawonso ndi odwala? Ndiye kuti mukuyeza chodwala ndi chodwala chinzake.

Pali kusokoneza kwinanso. M'mimba mwa mtsempha mukachepa ndi 50 peresenti, mpata wonse wodutsa magazi umakhala wachepa ndi 75 peresenti, ndi masamu a chinthu chozungulira chabe. Anthu awiri akhoza kutchula manambala osiyana onse akunena zoona.

Ndipatuke pang'ono, poti nkhani iyi imandisangalatsa. Mu 1929 dokotala wachinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, anadzilowetsa yekha kachubu mumtsempha wa pamkono mpaka kumtima, n'kukadzijambula X-ray kuti pakhale umboni. Akuluakulu ake sanakondwere, koma mu 1956 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi André Cournand ndi Dickinson Richards. Kujambula mitsempha ya mtima yeniyeniyo kunayamba mwangozi mu 1958 ku Cleveland, ku America, pamene kachubu ka dokotala Mason Sones kanaterereka, mankhwala n'kulowa mumtsempha wa kumanja kwa mtima, wodwala osafa monga ankaopera. Mu 1977 ku Zurich, Andreas Gruentzig anatsegula mtsempha wopapatiza ndi kabaluni. Zaka zonsezi makina akhala akusintha, koma m'zipinda zambiri chida choyezera chikadali diso la munthu.

Ndipo diso limakonda kukokomeza. Pali njira yoyezera ndi kompyuta yotchedwa QCA, imene imatsatira m'mphepete mwa chithunzithunzi chija, n'kugwiritsa ntchito kukula kodziwika kwa kachubu ngati lula. Kawirikawiri imatulutsa nambala yotsikirapo kusiyana ndi ya diso. Pa zimenezi ndilibe mlandu ndi madokotala, ntchitoyo ndi yovuta. Koma kuponyera banja nambala mukuyenda, osanena kuti ndi yongoyerekeza, kumeneko ndiye ndimati ndi kulakwa, ndipo sindisintha maganizo. Nambala ija imakhala m'nyumba mwa anthu miyezi, ikulamulira tulo ndi mapemphero. Mawu awiri okha, oti "pafupifupi" ndi "tionanso," akanandipulumutsa masabata awiri a mantha. Ndikukananso maganizo akuti paliponse pooneka popapatiza payenera stent, kachubu ka waya kamene amakasiya mumtsempha kuti ukhale wotseguka. Kafukufuku wamkulu wa COURAGE mu 2007, ndi wa ISCHEMIA zaka zoposa khumi pambuyo pake, anapeza kuti kwa odwala amene matenda awo ndi okhazikika, kuthamangira kutsegula mtsempha sikunachepetse imfa poyerekeza ndi kumwa mankhwala moyenera, ngakhale kuti kumathandiza kuchepetsa ululu wa pachifuwa. Mtima ukagwidwa mwadzidzidzi ndi nkhani ina, pamenepo kutsegula msanga kumapulumutsa moyo.

Abambo anadzawayeza mwa njira ina yotchedwa FFR. Amadutsitsa kawaya koyeza mphamvu ya magazi kupyola popapatiza paja, n'kupereka mankhwala otakasula mitsempha, kenako amayerekeza mphamvu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Nambala yotuluka poyerekezapo ikakhala 0.80 kapena kutsika, ndiye kuti malowo akumanadi mtima magazi. Yawo inali pamwamba pa 0.80. Sanawaike stent, anawapatsa mapiritsi, n'kuwaletsa fodya, chimene chinawawawa kuposa zonse. Mpaka lero amanena kuti adokotala achiwiri aja ndi amene anawachiritsa, ngakhale sanawakhudze n'komwe.

Nanga inu muchite chiyani?

Palibe amene akukunamizani. Madokotala amaona 70 peresenti kupita m'mwamba ngati kutsekeka kwakukulu, koma pamtsempha waukulu wa kumanzere malire ake ndi 50, ndiye funso loyamba ndi lakuti ndi mtsempha uti. Funsaninso ngati nambalayo ndi ya diso kapena ya kompyuta, komanso ngati FFR kapena kujambula m'kati mwa mtsempha ndi njira yotchedwa IVUS kungatheke, poti manambala a amayi ali pakatikati pomwe diso limanyenga. Akafuna kuwajambulanso, kumbutsani za impso, chifukwa ayodini uja amazilemetsa. Mapiritsi asasiye podikira. Ululu wa pachifuwa ukabwera atangokhala, kapena ndi thukuta ndi befu, musadikire tsiku lokumana ndi adokotala, thamangirani nawo kuchipatala.

Mundilembere akakuuzani kuti ndi mtsempha uti, ndipo muwapatse moni amayi.