Kodi ndi zinki amene amagwira ubiquitin?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wophunzira wina wa sayansi ya zamoyo. Funso lake linali lakuti: "M'kalasi anatiuza kuti zinc finger imagwira DNA. Tsopano ndawerenga kuti ina imagwira ubiquitin. Kodi ndi zinkiyo amene amamatirira ku ubiquitin, kapena ndasokoneza?"

Simunasokoneze ayi, ndipo nanenso nkhaniyi inandizunguzapo mutu. Zinki sakhudza ubiquitin n'komwe. Ntchito yake ndi yolimbitsa. Zinc finger zambiri ndi tizidutswa tating'ono ta puloteni, ma amino acid ngati 30, ndipo kachidutswa kochepa chonchi pakokha kamangoti lobodo. Zinki amakhala pakati, ma amino acid anayi, cysteine okhaokha kapena osakanikirana ndi histidine, n'kumugwira mbali zonse, kachidutswako n'kuuma. Chimene chimagwira DNA kapena ubiquitin ndi nkhope yakunja ya kachidutswako. Dzina lakuti zinc finger linayamba mu 1985, pamene Aaron Klug ndi anzake ku Cambridge ankafufuza puloteni ya TFIIIA ya chule wa Xenopus laevis. Puloteni imeneyo imagwira DNA, n'chifukwa chake mabuku ambiri amayambira pomwepo, ena n'kuthera pomwepo.

Ubiquitin ndi puloteni ya ma amino acid 76 imene selo imamangirira pa mapuloteni ena ngati chizindikiro. Ma ubiquitin amathanso kulumikizana okhaokha n'kupanga tcheni. Tcheni cholumikizidwa pa Lys48 (lysine, amino acid ya nambala 48 pa ubiquitin) kawirikawiri chimatumiza puloteni kukaphwanyidwa ku proteasome, makina a selo ophwanya mapuloteni, pamene cha Lys63 chimapereka uthenga wa chitetezo cha thupi kapena wokonza DNA. Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose analandira mphoto ya Nobel mu 2004 chifukwa chotulukira njira yophwanyira mapuloteniyi. Koma chizindikiro n'chachabe ngati palibe wochiwerenga, ndipo apa ndi pamene zinc finger zikulowera.

Pathupi pa ubiquitin pali kamalo kosakonda madzi, kopangidwa ndi ma amino acid atatu, Leu8, Ile44 ndi Val70. Mapuloteni ambiri owerenga chizindikirochi amathamangira pamenepa. Zinc finger ya mtundu wa NZF, yomwe dzina lake linachokera ku puloteni ya Npl4, imagwira kamaloka ndi threonine ndi phenylalanine zoyandikana. Ina ya mtundu wa UBZ, ya mu polymerase eta (enzyme yokopera DNA), imagwiranso pomwepo, koma ndi mbali yake yopiringizika ya alpha helix. Dzuwa likawononga DNA, puloteni ya PCNA, imene imagwirizira ma enzyme okopera DNA, imaikidwa ubiquitin imodzi pa Lys164, ndipo UBZ imathandiza polymerase eta kufika pamalo owonongekawo. Zinc finger ya mtundu wa A20 imene ili mu puloteni ya Rabex-5 ili ndi njira yakeyake, imagwira mbali ina, pafupi ndi Asp58.

Nanga NZF imasiyanitsa bwanji tcheni china ndi chinzake, poti ubiquitin ndi yomweyo? Taonani NZF ya mu puloteni ya TAB2. Kachidutswa kamodzi kali ndi nkhope ziwiri, ndipo kamalowa pakati pa ma ubiquitin awiri oyandikana n'kugwira kamalo ka Ile44 ka uyu ndi ka uyo nthawi imodzi. Polumikizirana penipeni sikakhudzapo. Tcheni cha Lys63 chimatha kupindika n'kukakumbatira kachidutswako, pamene tcheni cholumikizidwa pa Met1 (amino acid yoyamba ya ubiquitin) sichipindika choncho. Ndiye kuti kamazindikira kaimidwe ka ma ubiquitin awiriwo. Izi n'zofunika chifukwa kugwira ubiquitin imodzi n'kofooka kwambiri, nthawi zambiri pa mlingo wa ma micromolar 100 kapena kuposa (nambalayi ikakula, ndiye kuti kugwirako n'kofooka). Musakuone ngati chilema. Chogwira mofooka chimasiya msanga uthenga ukatha, ndipo chimalimba pokhapokha malo awiri kapena atatu agwirizana.

Imene imandigwira mtima kwambiri ndi ZnF UBP, yopezeka mu ma enzyme a USP5 ndi HDAC6. Iyi ndi yokulirapo, ma amino acid pafupifupi 100, ndipo siilabadira kwenikweni za Ile44. Ili ndi kadzenje kakuya, kopapatiza, ndipo mchira wa ubiquitin, wothera pa Gly75 ndi Gly76, umalowa mmenemo ngati ulusi pa singano. Tsiku limene ndinaona chithunzi chake pa kompyuta ndinachitembenuza kambirimbiri: thupi lonse la ubiquitin lili panja, kamchira kokha kali phee m'dzenje. Tsono ganizirani. Gly76 ndi pomwe ubiquitin imamangiriridwa pa puloteni ina. Ikamangiriridwa, mchirawo watsekeka, sungalowenso m'dzenje. Choncho ZnF UBP imangoona ubiquitin yomasuka kapena matcheni osamangiriridwa pa kanthu. USP5 imagwira matcheni otsalawa n'kuwadula kuti ubiquitin igwirenso ntchito, asadzadzane n'kutsekereza proteasome.

Chenjezo limodzi pamene mukuwerenga: kachidutswa ka puloteni kotchedwa RING. Nayonso RING imagwira zinki, awiri, ndipo imapezeka kwambiri m'nkhani ya ubiquitin, koma iyo ili kumbali yolemba chizindikiro. Imagwira enzyme ya E2, yonyamula ubiquitin, kuti ubiquitinyo isamutsidwire pa puloteni ina.

Ngati muli ndi intaneti, pitani pa Protein Data Bank mutsegule 1UBQ, chithunzi cha kapangidwe ka ubiquitin. Pakani Leu8, Ile44 ndi Val70 mtundu umodzi, Asp58 mtundu wina, kenako mufufuze kamchira kotulukira kunja kaja. Mukatero mundilemberenso, tikambirane za matcheni a Met1.