Mayi akubwera ku Joni: pasipoti, masiku 30 ndi mankhwala

Funso: Akonzi, mayi anga a zaka 71 ali ku Chiradzulu. Ndikufuna abwere mu Juni adzaone zidzukulu kuno ku Joni. Pasipoti yawo ikutha mu Ogasiti, komanso amamwa mankhwala a BP ndi shuga. Ndiwakweze basi kapena ndege?
Wowerenga, Turffontein

Yankho: Za tikiti zidikire kaye, yambani ndi pasipotiyo. South Africa imafuna kuti pasipoti ikhale ikugwirabe ntchito masiku osachepera 30 kuchokera tsiku lomwe mlendo akutuluka m'dziko, ndipo ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo. Akabwera mu Juni n'kubwerera mu Julayi, ya Ogasitiyo yatsala pang'ono kwambiri. Atadwala sabata imodzi yokha, masamu asokonekera. Apangitse yatsopano.

Ku ofesi ya Immigration ku Blantyre ayenera kukaonekera okha, chifukwa amajambulidwa ndi kudinda zala. Atenge chiphaso cha unzika ndi pasipoti yakaleyo. Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana pa zonse ziwiri. Makolo ambiri tsiku lobadwa anachita kuwaganizira alembi, ndiye chiphaso chimanena china, pasipoti china. Zikatero fomu imaima mpaka mutakonzetsa. Zala zoperepeseka ndi khasu nthawi zina makina amazikana, choncho musawapatse tsiku limodzi lokha m'tauni.

Ngati thumba likulola, akwere ndege. Kuchokera ku Chileka kufika ku OR Tambo ndi maola awiri ndi pang'ono, ndipo mukapempha njinga ya olumala maola 48 ulendo usanafike, amawakankha mpaka potulukira. Basi ndi nkhani ina: Mwanza, Zobue, Tete, Cuchamano, Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge. Pachipata chilichonse amatsika n'kuima pamzere, mwina pakati pa usiku, ndipo zidindo ndi 6 popita, 6 pobwerera. Munthu wa shuga kukhala pampando tsiku lathunthu ndi usiku wake, miyendo imatupa, chakudya chimasemphana ndi nthawi ya mankhwala. Akakwera basi asakhale okha, akhale chakutsogolo, aziyenda pang'ono basi ikaima. Madzi azimwa, ambiri amadzimana poopa chimbudzi, ndipo ndi pomwe amayamba chizungulire.

Mankhwala akhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'chikwama chopita pansi pa basi limodzi ndi ufa ndi usipa. Akhale m'mapaketi ake olembedwa, okwanira ulendo wonse ndi masabata awiri apadera. Buku la kuchipatala lisatsale. Ndipo Juni wa kuno mukumudziwa: aguliretu juzi ndi masokosi, chitenje chokha sichingathe.

Funso: Bambo anga anapatsidwa masiku 30 pa Beitbridge, atsala ndi 12. Anzanga akuti angokhala, adzalipira faindi potuluka. Nzoona?
Wowerenga, Tembisa

Yankho: Anzanuwo akukamba zakale. Kuyambira 2014, wopitirira masiku salipitsidwa faindi, amaletsedwa kulowanso. Akapitirira ndi masiku osaposa 30, chiletso ndi chaka chimodzi. Akaposa 30, zaka 5. Bambo a zaka zimenezo, zaka 5 osaona zidzukulu si zamasewera.

Werengani tsiku lomwe lalembedwa pa chidindo, osati lomwe mukuganiza, poti ofesala amatha kupereka masiku ochepera 30. Kuwonjezera masiku kumadzera ku VFS Global, kampani yomwe imalandira mapempho a viza m'malo mwa boma la South Africa, ndipo pempho limaperekedwa masiku asanathe. Ndi 12 otsalawa, ngati simuyamba mawa, gulani tikiti yobwerera. Anyamata omwe amatenga pasipoti kukaidinditsa kuchipata mwini wake ali gone kunyumba apeweni. Chidindo chikapezeka chabodza, wogwidwa ndi bambo anu.

Jambulani tsamba la chithunzi ndi la chidindo musunge mufoni. Pasipoti ikasowa, kaneneni kupolisi mutenge kalata, kenako mupite ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Johannesburg kapena ku Pretoria mukapemphe chikalata chobwererera kumudzi.