Opera ya ku China: Ndinatuluka Mutu Ukuwawa, Ndibwererenso?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wina wa kwathu amene akuphunzira ku Beijing. Anzake a m'kalasi anamutengera ku opera, sewero lochitidwa moimba, koma sanafike ndi pakati pomwe: zitsulo zinkangolira m'makutu, mawu a oimba ali pamwamba, nkhani osaimva. Tsopano amuitananso, ulendo uno ku sewero lotchedwa The Peony Pavilion limene limatenga mausiku atatu, ndipo akufunsa ngati apite kapena apeze chonamizira.

Achemwali, pitani. Koma ntchito imayambira kunyumba. Werengani nkhani yonse ya sewerolo mpaka mathero ake musananyamuke. Anthu amene amadzaza holo sabwera kudzamva kuti zitha bwanji, pakuti nkhaniyo akuidziwa kale. Amabwera kudzaona mmene woimba uyu achitire gawo limene ena ambirimbiri analichitapo iye asanabadwe. Ngakhale Atchaina eniake amadalira mawu olembedwa pa zikwangwani zamagetsi m'mbali mwa siteji, chifukwa chiyankhulo cha nyimbozo n'chakale ndipo liwu limodzi amalikoka mpaka osalizindikiranso. Maholo ena amaikaponso Chingerezi, ena ayi, choncho funsani pogula tikiti. Koma munthu wosadziwa nkhani amangokhalira kuwerenga, khosi uku ndi uku, sewero n'kumudutsa.

Phokoso limene munalongosola likusonyeza kuti munaonera jingju, opera ya ku Beijing. Mizu yake amaiwerengera kuyambira 1790, pamene magulu a zisudzo ochokera ku chigawo cha Anhui anabwera kudzasangalatsa mfumu Qianlong itakwanitsa zaka 80. Imatsogozedwa ndi jinghu, kachida kokhala ngati kaligo koma ka nsambo ziwiri, kolira mokweza ndi mobaya, pamodzi ndi kang'oma kolimba, timatabwa towomba ndi zitsulo. Zimene akuitanirani pano ndi kunqu, yomwe ndi yakale kuposa jingju ndipo imatsatira chitoliro cha nsungwi. Ndi yofatsa, makutu anu apuma. Vuto lake ndi lina: imatha kukugonetsani.

The Peony Pavilion analilemba Tang Xianzu mu 1598, ndipo lili ndi zigawo 55. Atalichita lathunthu ku New York mu 1999 linatenga maola pafupifupi 20. La mausiku atatu limene linatchuka kuyambira 2004, lokonzedwa ndi wolemba mabuku Pai Hsien-yung, lili ndi zigawo 27 ndipo limatha m'maola asanu ndi anayi, atatu usiku uliwonse. Nkhani yake ndi iyi: Du Liniang, mwana wa bwana wa boma, akulota mnyamata wophunzira m'munda wa maluwa, akudwala chikondi n'kumwalira atasiya chithunzi chake. Patapita zaka zitatu, Liu Mengmei, mnyamata wa m'maloto uja, akutola chithunzicho, akukondana ndi mzimu wa mtsikanayo, kenako akufukula manda n'kumudzutsa. Ngati mphamvu zili za usiku umodzi wokha, sankhani woyamba. M'menemo ndi mmene muli gawo la munda ndi loto, limene magulu amalichita palokha kawirikawiri.

Pa siteji pamakhala zinthu zochepa, mwamwambo tebulo limodzi ndi mipando iwiri basi. Zotsalazo zili m'thupi la wosewera. Akanyamula chikwapu cha mphonje ndiye kuti wakwera hatchi. Akagwira nkhafi, iye ndi mnzake n'kumawerama mosinthana, ali m'bwato. Kuzungulira siteji kamodzi ndi ulendo wautali, ndipo kukweza phazi pamene palibe kanthu ndiko kulowa m'nyumba. Mu kunqu yang'anitsitsani manja aatali a nsalu yoyera amene amalendewera pa malaya. Kuwaponya, kuwakunga ndi kubisa nawo nkhope, kulikonse kuli ndi tanthauzo: manyazi, mkwiyo, kulira. Kuno n'kumene nthawi imathera. Mtsikana atha kuimba mphindi khumi ali pamalo amodzi, nkhani osasuntha, ndipo woyembekezera chochitika chotsatira ndi amene amayamba kuyasamula. Zikatero siyani kuwerenga. Tsatirani dzanja, maso ndi mpweya wa woimba, muone mmene zitatuzi zikufikira pamodzi pamapeto a mzere.

Osewera ali m'magulu anayi: sheng, amuna, dan, akazi, jing, opakidwa nkhope yonse, ndi chou, wanthabwala wokhala ndi banga loyera pamphuno. Kwa a jing, kufiira ndi kukhulupirika, kuda ndi chilungamo chosanyengerera, kuyera ndi chinyengo. Kale mbali za akazi ankasewera amuna, ndipo wotchuka koposa anali Mei Lanfang, amene holo ina yaikulu ku Beijing ili ndi dzina lake.

Pogula tikiti, pewani mizere yakutsogolo ya kudzanja lamanja mukayang'ana ku siteji. Oimba zida nthawi zambiri amakhala mbali imeneyo, ndipo sindingadabwe ngati mutu uja unachokera pamenepo. Kutsogolo kwenikweni kumakubisiraninso zikwangwani za mawu. Mizere yapakati ndi imene imakupatsani nkhope ndi mawu popanda kupotoza khosi. Idyani musanapite koma osakhuta kwambiri, pakuti maholo akuluakulu salola chakudya, ndipo pa nthawi yopuma dzukani muyendeko.

Mudzamva anthu akukuwa "hao!" sewero lili mkati. Si chipongwe, akuyamikira. Amakuwa woimba akamaliza mzere wovuta, kapena wosewera akaima chilili mwadzidzidzi ng'oma itagunda. Koma ili ndi khalidwe la jingju makamaka. Oonera kunqu amakhala chete kwambiri, choncho musatsogole, dikirani eni ake.

Ine ndikanakonda kuti musanafike ku mausiku atatuwo muonereko zhezixi, madzulo a zigawo zitatu kapena zinayi zotengedwa m'masewero osiyanasiyana. Mukaona Sanchakou pa pulogalamu, musaiphonye: amuna awiri akumenyana ngati ali m'chipinda chamdima pamene magetsi a siteji akuwala ngwee, akufufuzana ndi manja, malupanga akudutsa pafupi ndi mphuno, popanda mawu ofunika kumasulira. Zoonetsa alendo m'mahotela n'zabwino poyambira, koma zimachulukitsa zodumphadumpha n'kudula nyimbo, ndiye sizingakukonzekeretseni kunqu. Chimene chingakuthandizeni kwambiri ndi kupeza nyimbo ya gawo la munda pa intaneti n'kumaimvetsera kangapo sabata imene mukupitayo, kuti chitoliro chikadzayamba m'holo, khutu lanu lidziwe kale kumene mzerewo ukulowera.