Kukulitsa msewu kokha sikuthetsa kuthithikana kwa magalimoto

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji mizinda ikuluikulu kuwononga ndalama zankhaninkhani pokulitsa misewu, koma pakangopita zaka zochepa magalimoto n'kuyambiranso kuthithikana m'mawa ndi madzulo. Mwati mwina mankhwala ake n'kungowonjezera mizere ina ndi milatho yodutsa pamwamba. Ambiri amene ayankha kale agwirizana nanu. Ine ndikuona mosiyana, ndipo mundilole nditalikitseko chifukwa nkhaniyi imadya nthawi ya anthu miyandamiyanda tsiku lililonse.

Msewu ukakula, kuyenda kumafewadi, koma kwa kanthawi. Amene ankalawirira mbandakucha pothawa mzere wa magalimoto amayamba kunyamuka nthawi imene aliyense akunyamuka. Amene ankazungulira njira ina amabwerera. Amene ankakwera basi amaona kuti tsopano angathe kutulutsa galimoto yawo. Ena amakamanga nyumba kutali ndi tauni podalira msewu womwewo. Ku Houston, m'dziko la America, anakulitsa msewu wa Katy Freeway mpaka malo ena kufika mizere 26 tikawerengera ndi timisewu tam'mbali. Ntchitoyo inatha mu 2008, koma patangopita zaka zingapo nthawi imene anthu ankathera pamsewupo inali itakweranso. Mu 2011 akatswiri awiri a zachuma, Gilles Duranton ndi Matthew Turner, ataunika mizinda ya ku America anapeza kuti misewu ikuluikulu ikawonjezeka, mtunda umene magalimoto amayenda umawonjezekanso pafupifupi mofanana. Pamene pali mlatho wopapatiza kapena pamene palibiretu njira yolambalala tauni, amange ndithu, sindikutsutsa. Koma kumanga kokha sikungakhale ndondomeko yonse.

Vuto lenileni ndi lakuti m'madera ambiri palibe amene akuyang'anira ulendo wonse wa munthu. Munthu amagona m'dera la khonsolo ina, amagwira ntchito m'dera la khonsolo ina. Msewu waukulu ndi wa unduna, maloboti ndi a khonsolo, ziphaso za mabasi amapereka ndi ofesi ina, njanji ili ndi kampani yakeyake, apolisi apamsewu nawonso ali ndi mabwana awo. Aliyense atha kugwira ntchito yake bwinobwino, koma sitima imafika basi itangonyamuka kumene, ndipo msewu wotakata umakathera pamalire a khonsolo n'kulowa m'kamsewu kopanikiza. Wapaulendo alibe nazo ntchito za malirewo, iye akungofuna kufika.

A ku Hamburg, m'dziko la Germany, anazindikira zimenezi kalekale. Mu 1965 makampani a mabasi ndi sitima anakhazikitsa mgwirizano wotchedwa HVV, woti munthu aziyenda ndi tikiti imodzi ndipo nthawi zonyamukira zizilumikizana, ngakhale eni magalimotowo ndi osiyana. Ku London anakhazikitsa Transport for London mu 2000, pansi pa meya, ndipo bungwe limodzi lomweli limayang'anira mabasi, sitima zapansi panthaka, misewu ikuluikulu, maloboti ndi ziphaso za matakisi. Ku Lagos, m'dziko la Nigeria, anakhazikitsa nthambi yoyang'anira za mayendedwe yotchedwa LAMATA mu 2002, ndipo ndi imene inayambitsa mabasi oyenda mumzere wawowawo mu 2008. Bungwe lotere likhale ndi ndalama zake komanso mphamvu mwalamulo. Likangokhala komiti yomakumana kamodzikamodzi, palibe chimene chingasinthe.

Bungwe lotere liziwerenga anthu, osati magalimoto. Mzere umodzi wa msewu waukulu wopanda maloboti umadutsitsa magalimoto pafupifupi 2,000 pa ola, ndipo ambiri mwa iwo amakhala ndi munthu mmodzi kapena awiri. Mzere womwewo ukaperekedwa kwa mabasi akuluakulu okhaokha, umanyamula anthu ochuluka kuwirikiza kangapo. Curitiba ku Brazil inayamba zimenezi mu 1974, Jaime Lerner ali meya. Bogotá ku Colombia inatsegula njira yake ya mabasi otere yotchedwa TransMilenio mu 2000, ndipo Dar es Salaam inayamba yake mu 2016, kuchokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni. Chinsinsi chake si kukongola kwa basi ayi. Basi isamaime mumzere umodzi ndi magalimoto ena, anthu azilipiriratu asanakwere, pansi pa siteji pafanane ndi khomo la basi kuti kukwera kusachedwe, ndipo ina ikangopita ina izifika posachedwa. Basi imene imathithikana limodzi ndi magalimoto ena singakope munthu amene ali ndi galimoto yake. Angasiyirenji mpando wake kuti akachedwe chimodzimodzi ataimirira?

Pali mbali ina imene anthu saikamba kwenikweni, koma kwa ine ndi yaikulu kwambiri: kodi mwini basi amapeza bwanji ndalama? Ngati phindu lake ndi la dalaivala likudalira kuchuluka kwa anthu amene akwera, basi imadikira kuti idzaze, imaima paliponse pamene munthu waimika, ndipo madalaivala amathamangitsana kulimbirana anthu. Simungawadzudzule kwambiri, ndi mmene amapezera chakudya cha ana awo. Koma basi imodzi ikaima pakati pamsewu kwa mphindi imodzi yokha, mzere wonse wakumbuyo umaima. Ku Seoul, m'dziko la South Korea, mu 2004, anasintha zimenezi. Ndalama zonse za matikiti zinayamba kupita m'thumba limodzi, makampani n'kumalipidwa potengera mtunda umene mabasi awo ayenda, ndipo munthu ankatha kutsika basi n'kukwera sitima ndi khadi imodzi. Dalaivala wotere alibe chifukwa chothamangira kapena chodikirira.

Kusintha kotereku kumafuna kusamala. Ku Santiago, m'dziko la Chile, anasintha njira zonse za mabasi nthawi imodzi mu February 2007, mabasi ali ochepa ndiponso mizere yawo isanathe kukonzedwa, ndipo anthu anavutika kwa miyezi yambiri. Ku Johannesburg, poyambitsa mabasi oyenda mumzere wawowawo otchedwa Rea Vaya mu 2009, anakambirana nthawi yaitali ndi eni maminibasi, mpaka ena mwa iwo anadzakhala ndi masheya m'kampani yoyendetsa mabasi atsopanowo. Anthu amene akhala akunyamula mzinda kwa zaka zambiri simungangowauza kuti achoke.

Ndiye pali ntchito za tsiku ndi tsiku, zosaoneka zapamwamba koma zotchipa poyerekeza ndi mlatho. Maloboti otsatizana azilumikizana kuti galimoto isamaime pa lililonse, ndipo makina monga SCATS, amene anapangidwa ku Sydney, amasintha okha kutalika kwa nthawi ya getsi lobiriwira malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto. Galimoto yokokera izikhala tcheru pafupi ndi misewu ikuluikulu, chifukwa lole imodzi yofera pamsewu nthawi yopita kuntchito imasokoneza dera lonse. Malole azitsitsa katundu pa maola amene msewu uli pee. Oimika magalimoto m'mbali mwa misewu yotanganidwa azilipira kapena achotsedwe.

Msewu ukadzaza kwambiri, safunikanso ngozi kuti uime. Ofufuza a ku Japan anayendetsa magalimoto 22 pamsewu wozungulira wa mamita 230, n'kuuza madalaivala kuti aziyenda liwiro limodzi. Posakhalitsa wina anaponda buleki pang'ono, wakumbuyo anaponda kwambiri, mpaka ena anaimiratu popanda chotchinga chilichonse. Ndiye kuti kuchotsa magalimoto ochepa chabe pa ola loipitsitsa kumatsegula msewu kwambiri kuposa mmene munthu angaganizire.

N'chifukwa chake mizinda ina imalipiritsa galimoto yolowa pakati pa tauni nthawi yotanganidwa. Singapore inayamba mu 1975, ndipo mu 1998 inasamukira ku makina odula okha ndalama galimoto ikamadutsa. London inayamba mu February 2003. Stockholm ku Sweden inayamba ndi kuyesa chabe mu 2006, magalimoto olowa m'tauni anatsika ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse, ndipo anthu amene poyamba ankakana anavomereza pa voti, dongosololi n'kukhazikika mu 2007. Koma taonani kuti London ndi Stockholm anawonjezera mabasi asanayambe kulipiritsa. Ku Gauteng, m'dziko la South Africa, anayamba kulipiritsa pamisewu ikuluikulu mu 2013 anthu ambiri alibe njira ina yodalirika, ambiri anakana kulipira, mpaka makinawo anazimitsidwa mu April 2024. Kulipiritsa munthu amene simunamupatse basi yodalirika n'kumulanga chabe, ndipo amene amalangika kwambiri ndi wa malipiro ochepa wokhala kutali ndi ntchito. Ndalamazo zikatoleredwa, anthu aziona ndi maso kuti zagula mabasi, zakonza njira za oyenda pansi ndi za njinga.

Mayi wina pano wati bwanji magalimoto azisinthana masiku potengera nambala yake. Mayi, maganizo amenewo anayesedwapo. Mexico City inayamba mu 1989, galimoto iliyonse n'kumapuma tsiku limodzi pa sabata. Amene anali ndi ndalama anangogula galimoto yachiwiri ya nambala ina, kawirikawiri yakale ndiponso yotulutsa utsi wambiri, ndipo amene anatsala panyumba kapena kukapanikizana m'basi tsiku limenelo anali a galimoto imodzi okhaokha.